Ndinameta zopondera za amayi

Ndinaganiza zochoka ku komboni yathu ya Chawama tsiku limene kampani yathu ya mabulangete inatseka geti n'kutiuza kuti tizipita kwathu. Chaka chimenecho ufa unkakwera mtengo mlungu ndi mlungu, ndipo ine, mwamuna wandevu zanga, ndinkadya thukuta la amayi. Iwo ankapanga zopondera za pakhomo. Ankang'amba masikipa a salaula, zovala zakale za kaunjika, kukhala timizere titalitali, n'kumatilowetsa m'saka ya ufa ndi sipoko ya njinga yokhota kunsonga. Kunena zoona, ntchito yawoyo inkandichititsa manyazi.

Ku Durban ndinalembedwa ntchito m'fakitale ya makapeti. Makina a singano zambirimbiri ankabaya ulusi pansalu, ulusiwo n'kutsala pamwamba utapindika timalupu. Kapeti yosiyidwa choncho ndi yolimba, ya m'maofesi. Ina ankaidula malupuwo kuti ulusi uime chilili, imeneyo ndi yofewa, ya kuchipinda kwa anthu olemera. Inanso ankadula pena n'kusiya pena kuti pazioneka maluwa. Ine zaka zisanu zonse ndinali pa makina ometa, kusalaza pamwamba basi. Mbali zina za fakitaleyo ndinkangozilambalala. Koma m'makalata ndinkalemba ngati fakitale yonse ili m'manja mwanga. Za kachipinda kanga, ndi Lamlungu lililonse limene linkatha ndisanayankhule ndi munthu, sindinkalemba. Ndalama ndinkatumiza mwa apo ndi apo.

Ntchito itatha ndinabwerera ndi chikwama chimodzi. Ndinapeza komboni yonse ikunditchula kuti ba injiniya, poti makalata anga amayi ankawawerengetsa kwa aneba. Pakhonde panali zopondera khumi ndi ziwiri zimene anaitanitsa ba Mwanza, mayi wogulitsa katundu wa m'nyumba ku Kamwala. Anati adzatenga Loweruka. Amenewo ndiwo anali kasitomala wamkulu wa amayi, ndipo popanda iwo m'nyumba mwathu moto sukanayaka.

Lachisanu amayi anapita kumaliro. Ndinaziyang'ana zoponderazo, malupu ena aatali ena aafupi, manja n'kuyamba kundiyabwa. Ndinatenga sizasi. Pofika madzulo zonse zinali zometedwa, zosalala ngati za ku Durban, ine mapewa m'mwamba.

Amayi atabwera ananyamula chimodzi n'kuchikutumula kamodzi kokha. Tinsanza tinayoyokera pansi, saka n'kutsala poyera. Anandiyang'ana n'kuloza pamene ndinadula.

"Nanga kuja ku nchito, mukajuba so, vimagwila na chani?"

Apo m'pamene ndinakumbukira fungo la guluu limene linkachokera m'holo ina, mmene ankamata kunsi kwa kapeti kuti ulusi wodulidwa usazuke. Sindinalowemo n'kamodzi komwe. Chopondera cha amayi chilibe guluu, chimagwira chifukwa mzere wake ndi wosaduka. Tinsanzato tinali titafupika kwambiri, tosatheka kulowetsanso.

Loweruka m'mawa ba Mwanza atafika, ine ndinathawira kuchipinda, kuseri kwa katani.

"Amake Yosefe, ivi ni vichani?" anafunsa. "Makasitoma banga bayembekeza."

"Ndine nalakwisa, ba Mwanza," anayankha amayi. "Nenze kuyesa sitayelo yanyowani. Ni ukalamba."

"Muli na injiniya munyumba, simunamufunse?"

"Enze kulibe. Akanankalapo, sembe ananilesa."

Ba Mwanza anachoka osanena ngati adzabweranso. Pakamwa ndinali napo, miyendo yotulukira ndinali nayo, koma sindinatuluke. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sanandichokebe.

Amayi analowa n'kundipeza nditakhala pabedi, mutu uli pansi. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo zikanandipepukira.

"Osauza munthu," anatero motsitsa mawu. "Banthu bakuziba kuti ndiwe injiniya. Vinkale so."

Zaka zonse zija ndinkayesa kuti ine ndi amene ndikunyamula amayi, osadziwa kuti iwo ndiwo ankanyamula dzina langa, ndipo analilipirira ndi lawo. Ba Mwanza sanabwerenso. Amayi anayamba kuyenda okha khomo ndi khomo, zopondera zili pamutu, mpaka miyendo inakana. Anamwalira osaulula kanthu. Mpaka lero ku Chawama amandiitana kuti ba injiniya, ndipo ine ndimayankha.