Kabowo ka pa Mpanda wa a Che Bwanali

Ndikakumbukira a Che Bwanali, ndimamva fungo la mtovu wosungunuka pa makala, lomwe mphepo inkabwera nalo pakhomo pathu ku Balaka m'mawa uliwonse ndikamasesa, limodzi ndi kulira kwa nyundo yawo pa malata, nge nge nge, mpaka nkhuku zathu zinasiya kudzidzimuka. Anali okhoma zidebe, oyandikana nafe nyumba, koma chomwe chinawatchukitsa ndi nkhonya. Anakaziphunzira kumigodi ku Joni, n'kubwerako ndi mphuno yophwatalala, khutu limodzi lotupa ngati bowa, ndi magolovesi achikopa omwe ankawapaka mafuta a nsatsi n'kuwayanika padenga la khitchini. Akang'ambika ankawasoka okha, n'kuwadzaza thonje logwa m'malole. Munthu akawaputa pamsika ankangoseka. "Nkhonya zimathera m'zingwe," ankatero. "Kunja kuno ndine wa zidebe."

Papita zaka zoposa makumi asanu, ndipo chandikumbutsa munthuyu ndi chitseko cha fuleti ya ku Rawdat Al Khail kuno ku Doha, kumene ndinabwera kudzalera mdzukulu, mwana wanga Mariamu atachira. Mkamwini wanga Idrisa amayendetsa galimoto ya hotela, ndipo mwa Amalawi a m'nyumba yathu yosanjayi ndi iye yekha ali ndi kanema wamkulu. Amuna a kuno, magadi ndi madalaivala, amakonda nkhonya ngati mankhwala. Munthu waima pa geti la eni tsiku lonse osayankha aliyense, akaona wina akuponya chibakera amakuwa ngati waponya ndi iye. Koma nkhonya zazikulu sazionetsa ulere. Amati pay-per-view: umalipira masewero a tsiku limenelo paokha, ngakhale kanemayo unalipira kale ya pamwezi. Atandiuza mtengo wake ndinauyerekeza ndi matumba a chimanga, n'kungogwira pakamwa.

Ndiye amasonkherana. "Amayi ndiye akhale pa geti kulandira ndalama," anatero Idrisa. "Awa ngakhale chenji cha mu supamaketi amachiyang'ana kawiri." Onse anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa n'zoona. Sindikhulupirira munthu. Ndikagona, pasipoti imakhala pansi pa pilo.

Loweruka lapitali dzuwa litangolowa, amuna atadzaza kale pabalaza, panabwera Yusufu, gadi wa ku Machinga, bambo wa ana atatu, wofatsa mpaka kukayikitsa.

"Agogo, salale sinalowe. Kampani ikuti next week, inshallah. Achimwene Idrisa anati ndingobwera."

"Idrisa sanandiuze ine."

"Afunseni, agogo."

"Aliyense atati ndimufunsire, ndikhala ndikuyendayenda mpaka mawa. Khalasi, basi, bambo. Mubwere salale ikalowa."

Anayang'ana nsapato za anzake zomwe zinaunjikana pakhomo. Kenaka anati, "Palibe vuto, agogo. Mugone bwino." Ndinatseka. Chitseko chitangoti khwa, mphuno mwanga munadzaza fungo la mtovu.

A Che Bwanali ankachititsa nkhonya Loweruka masana kuseri kwa nyumba yawo, mu mpanda wautali wa mabango, m'kati mozunguliza zingwe za khonje. Polowa panali matambala asanu. Anthu ankabwera pa njinga kuchokera kutali, ogulitsa zitumbuwa n'kundanda kunja, fumbi kuti kobo. Akazi sankalowamo. Ana tinkangomva kukuwa ndi kulira kwa khasu lakale lomwe ankaliomba ngati belu.

Lachinayi lina, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndinapita kukataya phulusa ndipo ndinapeza kabowo pa mpandawo, mbali yoyang'ana kwathu. Mabango atatu anali atadulidwa bwinobwino ndi mpeni, ndipo pansi pake panali chitsa chopalidwa mosalala, choti munthu akakhalapo diso limafika ndendende pa kabowo. Mwana wanzeru akanafunsa kuti wakonza ndani, nanga wakonzera yani. Ine ndinangoona mwayi. Mbiri inali itamveka kuti Loweruka limenelo a Che Bwanali amenya komaliza, ndi mnyamata wa ku Limbe, kenaka apachika magolovesi. Ndinauza anzanga kuti kabowo n'kanga, wofuna kusuzumira abwere ndi dzanja la mtedza.

Tsikulo diresi langa linalemera. Ndinkawakhazika pachitsa mmodzimmodzi, akachedwa n'kuwakoka khutu. Khasu la nkhonya zazikulu litangolira, panafika mayi wina wokalamba, mapazi oyera ndi fumbi, mpango woyera kumutu, kamtolo m'khwapa. Sindinali nditamuonapo.

"Mwanawe, chitsa ichi akonzera ine. Anandiuza mwana wanga kuti ndichipeza kuseri."

"Mwana wanu ndani?"

"Amene akumenyana m'katimo. Bwanali."

Ndinawayang'ana kuyambira kumapazi. "Amayi a Che Bwanali akanalowera pa geti. Mtedza muli nawo?"

Anatambasula manja, munalibe kanthu. Sanandikalipire, sanaitane munthu. Anakakhala pansi pa mtengo wa msangu chapafupi, natulutsa tasibi. Anthu m'katimo akakuwa, mapewa awo ankanjenjemera ndipo zala zinkathamanga pa mikanda. Anthuwo akakhala chete, ankatukula mutu kumvetsera.

Ine ndinakhala pachitsa ndekha, osalolanso mwana aliyense. Ndinaona thukuta likuthothoka m'mutu mwa a Che Bwanali chibakera chikawapeza, ndinaona miyendo yawo ikugwedera n'kulimbanso. Ndipo khasu likalira kuti apume, iwo ankatembenukira ku kabowo kuja n'kukweza golovesi. Ndinkabisa nkhope, poganiza kuti andiona.

Anagonja, koma sanagwe. Anthu asanathe kutuluka, anazungulira kuseri, diso limodzi litatsekeka, magazi pamlomo, magolovesi akadali m'manja, nagwada pamaso pa mayi aja.

"Amayi, mwaona? Zaka zonsezi mumangomva. Mwaona kuti sindinagwe?"

Mayi aja anawapukuta mlomo ndi nsonga ya mpango. "Ndaona, baba. Ndaona zonse. Sunagwe."

Anandiyang'ana kamodzi kokha, osati kumaso, koma pa diresi langa lotupa ndi mtedza. Ndinamva pambuyo pake kuti anali a Abiti Saidi, ndipo anayamba ulendo dzulo lake kuchokera ku Ulongwe, wapansi.

Lolemba m'mawa nyundo inasiya kulira, ndipo ndinamva dzina langa. "Asiyatu, tabwera kuno." Ndinapita ndikudziwa kuti lero ndilawa dzanja lomwe limagwetsa amuna. Iwo anatulutsa kakapu kamalata, katsopano, chogwirira chake chopindidwa mwaluso.

"Amayi akuti unawasamala. Akuti unkawathamangitsira ana pachitsa kuti aone bwino. Tenga."

Ndinagwada, ndinalandira ndi manja awiri, ndinati zikomo. Tinakhala moyandikana zaka zina khumi mpaka tsiku lomwe anawanyamula kupita kumanda, ndipo nthawi zonse ankandiitana kuti mlonda wa amayi. Mpata wonena unalipo tsiku lililonse. Sindinanene.

Zonsezi zinandibwerera nditaima kuseri kwa chitseko chija ku Rawdat Al Khail. Ndinakhala kaye, ndikudziuza kuti lamulo ndi lamulo. Pomwe ndinkatsegula kuti ndimuitane Yusufu, pa masitepe panalibe munthu. Amuna pabalaza anakuwa mpaka mwana anadzuka, ine ndili kukhitchini kutsuka makapu otsuka kale.

Dzulo Lachisanu tinapita kukapitidwa mphepo ku Corniche, ndipo tinakumana naye atakhala pakhoma la m'mbali mwa nyanja, akuonetsa ana ake nyumba zazitali pa foni. Idrisa anamuwomba paphewa.

"Aise, unatani? Ndinakuuza kuti iwe usalipire. Ndinakusungira malo kutsogolo, pafupi ndi kanema. Wasemphana nazo, munthu anagwa mu raundi ya naini!"

Yusufu anaika foni m'thumba.

"Anandisinthira shifiti, achimwene. Supavaiza anaimba last minute. Sindinafike n'komwe." Kenaka anatembenukira kwa ine, dzanja pachifuwa. "Mwaswera bwanji, agogo? Kamwana kakukula?"

"Kakukula, bambo," ndinatero.

Moyo wanga wonse ndaulondera kuti munthu asandinamize. Anthu awiri okha ndi amene ndinawagwira akunama ine ndili pomwepo, ndipo onse awiri ankanama pofuna kundiveka, kundibisira manyazi.

Kakapu kaja ndinabwera nako. Kamakhala m'sutikesi, m'kati mwa mpango, ndipo sindinamwerepo ngakhale madzi. Idrisa akuti kuli nkhonya zina zazikulu mwezi wamawa, ine ndisanakwere ndege, ndipo akufuna ndikhalenso pa geti. Ndavomera. Ndalama ya Yusufu ndamanga kale pa nsonga ya chitenje, yochokera pa yomwe ndinasungira adzukulu a kumudzi nsapato. Koma ndalamayo si yomwe ikundisowetsa mtendere. A Che Bwanali anapita osamva zoona zake. Idrisa ali moyo, akumwa tiyi pabalazapo pamene ndikulemba izi, ndipo ndakatulutsa kakapuko n'kukaika patebulo kuti andifunse kuti n'kayani.