Zala za alamu anga pa sabata la Mgonero

Ndisanapeze nyumba yanga ndinkakhala kwa achemwali ku Area 12, m'kanyumba ka kuseri. Amuna awo, alamu anga, ankagwira ntchito m'boma, komanso anali mkulu wa mpingo. Munthu wabwino zedi, vuto linali mapazi. Linyetsu linamanga msasa pakati pa zala zawo. Akangovula nsapato, galu wathu ankakagona kwa aneba. Sindikuwonjeza, anebawo anafika pomupatsa dzina lawolawo.

Lachisanu lina anabwera ndi timibulu takuda ta pamanganeti, togula ku famase ku Old Town. Kumeneko anawauza kuti aponye tiwiri titatu m'beseni, madzi angosintha mtundu pang'ono, aviikemo mapazi. Koma kwa alamu, mankhwala ochepa ndi a anthu opanda chikhulupiriro. Anakhuthuliramo tonse n'kutakasa ndi dzanja, madzi mpaka kuda ngati inki ya chidindo cha ku ofesi.

Kutacha, zala ndi zikhadabo za dzanjalo zinali zitathimbirira ngati za munthu amene anayamba chingambwe asanamere mano. Tsono Lamulungu lake anali oti agawe Mgonero.

"Mayi, anthu ati chiyani?" alamu anafunsa akazi awo. "Ati mkulu wa mpingo wayamba fodya!"

Sopo analephera. Mwala wokwechera mapazi, ndikulumbira, unatsala ngati nyemba.

"Alamu, bwanji mungovala magolovesi oyera?" ndinatero.

"Iwe, ndikukagawa Mgonero kapena kukaimitsa maminibasi?"

Achemwali, amene amaphunzitsa sayansi, anayamba aseka mpaka kukhala pansi, kenako anati, "Bambo, mankhwalawa amawotcha popanda moto, ndiye chifukwa chake amapha tizilombo. Akawotcha mafuta a pakhungu amasiya dzimbiri limeneli. Sopo salitha, koma madzi a ndimu amalisungunula."

Ndinakwera mtengo wa mandimu wa pakhomo n'kuukolola wonse. Loweruka lonse alamu anakhala pakhonde dzanja lili m'mbale ya madzi a ndimu, akuimba nyimbo za m'buku m'Chitumbuka, ndipo ndimu akalowa pamene mwala unasupula, mawu ankakwera okha.

Lamulungu ananyamula mbale ya mkate ndi zala zoyera kuposa za abusa. Mayi wina pa benchi ya kutsogolo anatenga mkate, ananunkhiza, n'kunong'oneza mnzake: "Koma lero atiikira ndimu."

Za fodya palibe anatchula. Linyetsu nalo linatha patapita masabata angapo, galu n'kubwerera kwawo. Anafika mokayikira, anayamba wanunkhiza nsapato.