Manja obwereka pa bwato la Amake Joze

Loweruka lina mwezi wathawu mlamu wanga, Amake Joze, anabwera kudzabwereka manja anga.

"Mutu muusiye kunyumba, alamu. Ndikufuna manja chabe."

Ine moyo wanga wonse ndagwira cholembera. Chitsulo chakuthwa chimene ndimachidziwa ndi lezala.

Amake Joze amaolotsa anthu pa bwato kupita ku Zumbo, ndipo ana ake atatu amadyera nkhafi yomweyo. Koma bwato lake latha. Zigamba za malata ndi phula zachuluka kuposa mtengo, ndipo aliyense wokwera amapatsidwa chigubu chodula kuti azikapa madzi. Anthu ayamba kuthawira ku maboti a injini. Akapanda kupeza bwato lina madzi asanadzaze mumtsinje, ntchito yake yatha.

Atate ake, agogo amene timawatchula kuti asekulu Mpande, ndi okhawo otsala kuno odziwa kusema bwato. Anapeza chipika cha mbawa, mtengo wosowa masiku ano, nayamba kusema. Ntchito ili pakati, maso anafooka. Ana awo aamuna ali ku Lusaka, wina amagulitsa makava a foni.

Luso silinapite ku Lusaka. Lili m'mutu mwa Amake Joze, amene kuyambira ali wamng'ono ankaperekera atate ake madzi n'kukhala chapatali, kuonerera ndi kumvetsera. Chovuta ndi mwambo. Mkazi sakhudza bwato lisanalowe m'madzi, akuti limang'aluka. Asekulu analemba mzere pamchenga ndi ndodo yawo, nakhala pansi pa mtengo. Mwana wawo kunja kwa mzere, ine mkati, kasemasema ali m'manja.

Wosema bwato amayesa makulidwe ndi khutu. Amagogoda m'mbali n'kumva kaliridwe kake.

"Gogodani apo, alamu. Lalira bwanji?"

"Ngati mtengo."

"Mumafuna lilire ngati tambala? Gogodaninso, ndimvere konkuno!"

Ndinagogoda. Anati ndichotseko pang'ono. Ndinafunsa kuti pang'onopo ndi masentimita angati. Asodzi amene anabwera kudzaonerera anaseka mpaka wina anakhala pansi.

Ndikupukuta thukuta ndinayamba kuganiza. Mayi ameneyu timamulola kupalasa pakati pa mvuu. Timamupatsa matumba athu a nsomba, odwala athu, ngakhale ifeyo amene tili ndi mimba zolemera. Pamadzi akuya sitifunsa kuti ndi mkazi. Koma pamchenga wouma, pamene palibe angamire, ndi pamene tikumuopa?

Pamisonkhano timadandaula kuti za makolo zikutha. Alendo akabwera timawaonetsa bwato lakale kuti ajambule. Nanga za makolozo ndi ziti, mzere wa pamchenga kapena bwato? Sindinyoza mwambo. Mwina unali ndi chifukwa chake pamene osema anali ambiri ndipo ankagona m'tchire masabata. Lero otsala ndi nkhalamba yosaona ndi mayi woletsedwa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Maganizo amenewa ndi amene anandilakwitsa. Ndinatema molimba, chibanthu chachikulu ngati mbale chinadumpha m'mbali mwa bwato.

"Mayo ine! Mwandiphera ana!"

Amake Joze sanaone mzere. Anandilanda kasemasema, nandikankhira pambali ndi chiuno. Anagogoda, anamvetsera, anapuma. Sindinaboole, panatsala pang'ono. Kenaka anayamba kusalaza chilonda changacho, ndipo kulira kwa chitsulo kunasintha. Kwanga kunali ngati munthu akupha njoka. Kwake kunali kofanana, kosathamanga.

Tonse tinayang'ana asekulu, amene anali atadzutsa mutu. Mawu awo amodzi akanatha kuchisiya chipikacho kuti chidyedwe ndi chiswe.

"Ndani akusema?"

"Ndi alamu, Ababa," anayankha Amake Joze, dzanja osaima.

"Oho. Alamu ako aphunzira msanga."

Anamvetseranso kanthawi, akugwedeza mutu motsatira chitsulo.

"Uwauze alamu akowo atsitse dzanja lamanzere. Kuyambira ali kamtsikana amapupuluma."

Palibe anaseka mokweza. Palibenso anatchula za kung'aluka.

Chiyambire tsikulo ntchito ikuyenda, ndipo bwato latsala pang'ono kulowa m'madzi. Ine ndimapitabe m'mawa uliwonse, chifukwa asekulu sayamba kulangiza ndisanafike. Ndimakhala pambali pa chipika, malangizo onse amabwera m'dzina langa, wina n'kumasema. Umu ndi mmene kwathu kuno timasinthira zinthu: timazisintha, koma timasunga munthu woti tiziloza.

Vuto ndi loti mbiri yafika kutali. Dzulo kwabwera bambo wina wochokera kwa Mburuma, chipewa chili m'manja, akufuna mmisiri watsopano uja amusemere bwato.

Inu owerenga, ndimutumize kwa ndani?