Tsamba Lochedwa Lidikire Ulendo Wachiwiri

Ndinali kondakitala wa minibasi za ku Chelstone mpaka bondo linakana. Kenako ndinapeza ntchito pa kaofesi kena ku Woodlands. Ndinkatenga pepala la mipata ya ntchito n'kukalimata pa bolodi pafupi ndi City Market nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Anthu osowa ntchito ankadikira pamenepo.

Pepalalo ankatulutsa ndi mayi wina wa ku Kabwata, wodziwa makompyuta. Anapanga pulogalamu yoyendayenda pa intaneti m'mawa uliwonse, tsamba ndi tsamba, kutola zolengeza za ntchito. Ine sukulu ndinalekera ku pulayimale. Ndinkangoona pepala likutuluka.

Sabata ina pepalalo linayamba kuchedwa. Ndinkafika pa bolodi anthu atabalalika. Mwini ofesi anati zikapitirira mpaka Lachisanu atseka bolodi. Popanda bolodi, ine ndinalibe ntchito.

Lachitatu ndinawapeza mayiwo atayang'anitsitsa kompyuta, tiyi atazizira.

"Yafa?" ndinafunsa.

"Bola ikanafa, ba mdala. Tsamba likapanda kuyankha, pulogalamu imadikira pang'ono n'kupita kwina. Koma pali ena amatumiza kachidutswa, kenako kachidutswa kena, ngati mpopi wodontha. Pulogalamu imaona kuti zinthu zikubwera, ndiye imangodikira. Masamba ena onse ali pamzere."

"Ameneyo ndimamudziwa, pa minibasi aliponso. Amakweza dzanja ali kutali, koma kuyenda kwake ngati akuperekeza mkwatibwi. Basi yodzaza ikumudikira."

"Munkatani naye?"

"Ndinkayang'ana mapazi, osati dzanja. Ndikawerenga mpaka khumi iye asanapitirire polo ya magetsi, ndinkamenya denga kuti dalaivala anyamuke. Tiyeni."

Anaseka, n'kutembenukira kompyuta. Anaika muyezo: tsamba lililonse lizitumiza zosachepera mwakuti pa mphindi. Likaperewera, pulogalamu ilidule, ipite kwina.

Mawa lake pepala linatuluka m'mamawa. Ndinalipinda kuti ndizipita. Mayiwo anandiimitsa. Nkhope sinali ya munthu wopambana. Ankawerenga mndandanda wa masamba amene adulidwa, ndipo anapezapo la kachipatala kena ka kumudzi, kumene netiweki ndi yofooka. Tsambalo silinali lakufa. Linkangoyenda pang'onopang'ono.

"Pepala latuluka. Zisiyeni," ndinatero.

"Nanga agogo a ndodo, ba mdala? Nawonso munkawamenyera denga?"

Ndinkawamenyera.

Mayiwo sanadye tsiku limenelo. Anakonza kuti tsamba lizipatsidwa kaye mpata wonyamuka muyezo usanayambe kugwira. Anakonzanso kuti odulidwa asatayidwe. Aziikidwa pambali, pulogalamu ikamaliza othamanga izibwerera kukawatenga mosafulumira. Bwana sanawatume zimenezi. Sakanadziwa n'komwe.

Lachisanu ndinamata pepala lalikulu nthawi yake, anthu ali mbwee. Masana mayiwo anandipatsa kapepala kachiwiri, ka ochedwa aja. Kanali ndi mizere yochepa. Umodzi unali wa kachipatala kaja, ankafuna mlonda. Ndinakwera basi kachiwiri, bondo likudandaula, n'kukamata. Bambo wina wa jekete yong'ambika anawerenga ndi chala, anandibwereka cholembera, n'kukopera pachikhatho.

Bolodi sanatseke. Mpaka lero ndimapita kawiri.

Zaka zonse zija pa minibasi, sindinaganizepo zobwerera kukatenga amene ndinamusiya. Mayi aja anaganiza tsiku limodzi lokha. Tiyi wawo ukazizira ndimakawatenthetsera, osadikira kuti anene.