Kukazonda Munthu Amene Ndinamupereka

Ndinanyamuka ku Ruaka Loweruka cha m'ma 8 koloko m'mawa, nditavala jekete langa la kutchalitchi, Baibulo kukhwapa, m'jumbo muli shuga, masamba a tiyi ndi buledi. Wondiona akanati mkulu wa mpingo uyo, akukazonda odwala. Akazi anga okha ndi amene ankadziwa chimene chinkandidya. Anandiperekeza mpaka pamasitepe.

"Bambo a Chisomo, musakangopemphera n'kubwerako. Mukawauze mayi aja kuti ndinu munachita zimenezi."

"Ndamva."

"Mwamva kangati? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine sindikakuyankhulirani."

Nkhani yake ndi iyi. Ine ndine wa ku Dedza, ndimagwira ntchito kubungwe lina kuno ku Nairobi, ndipo ndimapemphera pa tchalitchi china cha ku Ngara. Zigawenga zitachita chiwembu mumzinda muno, mpingo unandiika pageti kuti ndizisecha zikwama za olowa. Ntchitoyo ndinaikonda kuposa muyeso. Masabata atatu otsatizana ndinaona mnyamata wa ndevu, wovala kachipewa ka Chisilamu, ataimika njinga yamoto tsidya la msewu. Sankanyamula munthu, sankachoka, maso ali pa khomo la tchalitchi mpaka mapemphero kutha. Sabata lachitatulo ndinamujambula pa foni, ndi nambala ya njinga yomwe, n'kutumiza kwa anthu a zachitetezo. Sabata lotsatira sanaonekenso, ndipo ndinadziguguda pachifuwa.

Sindinalekere pomwepo. Pa mapemphero athu a Amalawi ku Kangemi, mayi wina atadandaula kuti akuti ogwidwa amazunzidwa, ndinamudzudzula pagulu. "Amenyedwe basi mpaka aulule! Kodi mukufuna ana athu afere m'tchalitchi?" Ndinapeza ndi vesi lomwe loikira kumbuyo mawu angawo. Anthu anati ameni, ena mpaka kuomba m'manja.

Kenako Lachinayi lina abusa anandiitana. Anati Mama Nyambura, gogo wina amene amakhala pa benchi la kutsogolo, sakubwera chifukwa mwana wawo Yusufu, amene ankawabweretsa pa njinga n'kumawadikira panja, anatengedwa ndi anthu osavala yunifolomu. Anamusunga masiku khumi ndi awiri, n'kumutaya m'mbali mwa msewu wopanda mlandu. "Inu a Mbewe ndinu mkulu wa mpingo, kawaoneni," anatero abusa.

Minibasi ya m'tauni, imene kuno amati matatu, ndinaipeza ikudzaza. Kondakitala, amene kuno amati makanga, anati mashilingi 100, ndipo tsiku limenelo sindinakangane naye ngakhale ndimadziwika ndi kunenerera. Nyimbo zinali phokoso lokhalokha, mpando ukunjenjemera ngati chigayo. Tinatsika ndi Limuru Road, kudutsa mipanda italiitali ya anthu olemera, yokhala ndi mawaya amagetsi pamwamba. Kale ndikaiona ndinkati awa ndiwo akudziwa kukhala. Tsikuli ndinangoyang'ana jumbo langa.

Cha m'ma 9 tinafika ku Ngara, ndipo ngati dala, galimoto zinathithikana pafupi ndi tchalitchi chathu. Ndinaona kamtengo kamene Yusufu ankaimikapo njinga. Kuchoka pamenepo kufika pageti langa ndi mayadi ochepa chabe. Abale inu, masabata atatu! Ndikanangowoloka msewu n'kumufunsa kuti achimwene mukudikira ndani, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ine ndinali wotanganidwa ndi kupulumutsa mpingo.

M'tauni ndinatsika cha ku Koja n'kuyamba kuyenda kupita kokwerera matatu za nambala 58, za ku Buruburu kumene amakhala Mama Nyambura. Ndisaname, ndinalowa m'kahotela kena osati chifukwa cha njala. Ndinaitanitsa tiyi wamkaka ndi mandasi awiri, mashilingi 60, n'kumamwa pang'onopang'ono ngati mankhwala. Maganizo anandiuza kuti bwerera, ukanene kuti nyumba sunaipeze, Buruburu ndi yaikulu. Foni inalira. Anali akazi anga, uthenga wa mawu awiri: "Mwafika pati?" Ndinalipira n'kudzuka.

Matatu ya ku Buruburu inali yojambulidwa thupi lonse, mkati muli ma TV atatu, ngati kuti munthu ali ndi maso asanu ndi limodzi. Mashilingi 50. Pafupi nane panakhala bambo wina wonenepa, wovala kamtanda pakhosi. Ataona Baibulo langa anandipatsa moni mwansangala, n'kunditchula kuti mchungaji, kutanthauza m'busa. Tikulowa Jogoo Road tinaona galimoto ya zachitetezo itaimitsa anyamata atatu, manja ali pamutu. Bamboyo anandigunda ndi chigongono.

"Mwaona? Amenewa osawanyengerera. Ukawafunsa mwaulemu sanena kanthu. Kuwafinya basi. Si choncho mchungaji?"

Anali mawu anga enieni, kungoti atuluka pakamwa pa wina. Ndinafuna kumufunsa kuti nanga akakhala wosalakwa, aulula chiyani? Koma ndinangoti, "Mmm." Taonani munthu wake, wolusa pa mapemphero, pamatatu kukamwa gwa.

Ndinatsika pafupi ndi msika itangokwana 11 koloko. Mayi wogulitsa masamba anandilozera njira nditangotchula dzina. "Kwa mama wa mnyamata anamutenga uja? Geti lobiriwira, kuseri." Anandiyang'ana jekete, n'kuwonjezera kuti, "Bola a mpingo mwakumbuka."

Mama Nyambura amakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yaikulu. Panja panali njinga yamoto ija, yofunditsidwa chiguduli, matayala ataphwa. Nambala yake ndinaidziwa osawerenga. Gogoyo atandiona anakweza manja. "Karibu, baba, takulandirani! Mulungu ndi wamkulu, mpingo wanditumizira mkulu wake weniweni." Anandilandira jumbo ndi manja awiri, ine n'kuvula nsapato pakhomo.

Yusufu anakhala pa mpando, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda amchere. Anali wochepa thupi kuposa mmene ndinkamuonera tsidya la msewu. Ndinamupatsa dzanja monga timachitira, iye anandipatsa lamanzere. Lamanja linali pamwendo, zala ziwiri zitapindika ngati mbedza.

"Ankamumenya kuphazi," anatero mayi ake, akutsanulira madzi ena m'beseni. "Ankati atchule anzake amene akufuna kuphulitsa tchalitchi. Atchula ndani mwana uyu? Analowa Chisilamu ali wamkulu, ndinalira, koma sanandiletsepo kupemphera. Lamulungu lililonse ndiye ankandidzutsa kuti mama muchedwa. Tsopano nsapato sizilowa, njinga sangaigwire."

Apa ndiye panali poyankhulira. Ndinatsegula pakamwa, koma gogoyo anali atadzuka kale. Anati mlendo samwa tiyi wopanda mkaka, n'kutuluka kupita kukagula. Tinatsala awiri, wotchi ya pakhoma ikugunda.

"Achimwene," ndinayamba, "pali chimene ndabwerera."

"Ndikudziwa," anatero Yusufu, osakweza mawu. "Munandijambula mutabisala kuseri kwa chipilala cha geti. Ndinakuonani. Ndinkaganiza kuti mwakonda njinga. Chithunzi chomwecho ndi chimene anandionetsa kumene ananditengera."

Ndinatsika pampando n'kugwada, ine mkulu wa mpingo, jekete ndi tayi. Ndinati pepani, ndinati ndinachita mantha, ndinanena zambirimbiri zosamveka. Iye anandidula mawu.

"Dzukani, mayi abwera posachedwa. Zokhululuka musandifunse lero, sindinafikepo. Koma mayi musawauze."

"Ndiyenera kuwauza. Ndi chimene ndayendera ulendo wonsewu."

"Mukawauza, inu mupepukidwa, iwo atsala ndi chiyani? Bambo anamwalira, anzawo onse ali kutchalitchi kwanuko. Akadziwa kuti anandipereka ndi munthu wa pageti, sadzapondakonso, adzangokhala muno kumandiyang'ana mapazi. Ine zandikwana, musawalandenso china." Anatulutsa phazi limodzi m'madzi, n'kulibwezeramo msanga. "Ngati mukufuna chochita, masabata asanu tsopano sanapite kukapemphera. Mawa mubwere mudzawatenge."

Gogo analowa ndi mkaka akupuma mwawefuwefu. Tinamwa tiyi, ine wachiwiri tsiku limenelo. Ponyamuka anandipempha pemphero. "Mupempherereko ndi amene anamunenera mwana wanga," anatero. "Kaya ndani, Mulungu akumudziwa." Ndapempherapo pa maliro, pa maukwati, pa misonkhano ikuluikulu, anthu n'kumati a Mbewe ali ndi mphatso. Tsikulo ndinangoti Ambuye tichitireni chifundo, kawiri, n'kunena ameni. Nditatsegula maso ndinapeza Yusufu sanatsinzine.

Pobwerera mvula inayamba, makanga n'kukweza mtengo kufika mashilingi 80. Ndinakhala kumbuyo, Baibulo nditalilowetsa m'jumbo lopanda kanthu lija. Chimene ndinkachiganizira n'chakuti pamene ndinkati amenyedwe, m'mutu mwanga munalibe munthu wa mapazi, wa mayi, wa njinga yodyera. Munali mawu oti chigawenga basi, ndipo mawu samva kuwawa. Manyazi anandigwira mpaka ndinapitirira siteji yanga ku Ruaka, n'kubwerera wapansi mvula ikundimenya.

Akazi anga anandidikira pakhomo. "Mwawauza?"

"Mwana wawo wandiletsa." Ndinawafotokozera zonse. Atamva anati, "Ndiye mukagone msanga, mawa muli ndi ulendo. Ndipo ku Kangemi kuja, kumene munalalikira zomenya anthu, kulibe amene wakuletsani kukanena."

Ku Kangemi ndinakanena. Sanaombe m'manja. Ndipo Lamulungu lililonse ndimadzuka 5 koloko, matatu ziwiri kupita ku Buruburu, kukatenga Mama Nyambura. Yusufu amatiperekeza ndi ndodo mpaka pageti lobiriwira. M'matatu gogoyo amandigwira mkono n'kumauza aliyense wokhala pafupi kuti m'Nairobi monse mulibe Mkhristu ngati Mmalawi uyu. Ine ndimangoyang'ana pawindo.