Tsiku limene ndinakhuthula dengu pamaso pa aphungu

Ndikukumbukira fungo la m'mawa umenewo. Mvula inali itangokata, dothi lofiira likumata ku zidendene, ndipo kuchokera ku fakitale kunkabwera kafungo ka masamba ofota kamene aliyense wokulira pa esiteti ya tiyi ku Thyolo amakadziwa ngakhale atatsinzina. Ndinali mu Sitandade 6. Aphunzitsi anatifoletsa awiriawiri n'kutiyendetsa mpaka kumunda wa m'mphepete mwa msewu, kumene kunamangidwa chisakasa cha mabulugama. Kunkabwera aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo.

Bambo anamwalira ine ndili wamng'ono. Tinatsala amayi, ine ndi alongo anga awiri, m'nyumba ya kampani ya zipinda ziwiri, mzere wachitatu kuchokera pampopi. Nyumbayo tinkakhalamo chifukwa cha chinthu chimodzi chokha: amayi anali m'gulu la antchito okhazikika. Munthu akachotsedwa m'gulu limenelo, kiyi ankabwerera ku ofesi. Izi ngakhale ana tinkazidziwa, chifukwa tinkawaona anzathu akusamuka, mphasa ndi mapoto pamutu.

Amayi ankathyola tiyi, ndipo anali katswiri. Manja awo onse awiri ankayenda pamwamba pa tiyi ngati nkhuku zotola mapira, masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, n'kuponya m'dengu la kumsana osacheuka. Zala zawo zinali zakuda ndi zong'aluka, moti Lachisanu lililonse pokonzekera Sabata ankazinyika m'madzi ofunda asanagwire diresi yawo yoyera. Pa holide ndinkawatsatira kumunda, ndipo ntchito yanga inali kusankha. Masamba asanakwere pasikelo tinkawakhuthula pachiguduli n'kuchotsamo timitengo, masamba okhwima ndi oduka pakati, chifukwa kalaliki wa pasikelo akatapa dzanja limodzi n'kupezamo zinyalala, ankabweza dengu lonse. Amayi ankati munthu wobisa kamtengo pansi pa masamba abwino ndi wakuba, ngakhale asagwidwe.

Aphungu anafika dzuwa litakwera, ife mawu atasasa ndi nyimbo imodzimodzi yowalandira. Anali wamtali, wosalala, wa nsapato zonyezimira, ndipo akapitawo anali atayala masaka pamatope kuchokera pagalimoto mpaka pachisakasa kuti nsapatozo zisadziwe kuti zafika ku Thyolo.

Ndiyenera kunena chilungamo: munthuyo ankadziwa kulankhula, ndipo si zonse zimene ananena zinali zopanda nzeru. Anati dziko silingatukuke ndi zala. Anati m'maiko ena tiyi akuthyola ndi makina, ndipo ifeyo tikakakamira manja, ogula apita kwina ndipo fakitale itsekedwa. Anati tiyi ndi amene amabweretsa ndalama zakunja zogulira mankhwala m'zipatala ndi mafuta a galimoto. Anati malo a mwana ndi m'kalasi osati m'munda, ndipo mabanja asiye kubereka ana amene sangathe kuwaphunzitsa. Kenako analoza khamulo ndi chala n'kunena kuti boma si amalume athu oti tizikawalirira chilichonse. Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha.

Atatero ananyamula chinthu chimene anabwerera: sizasi yaikulu yokhala ndi kabokosi kolandira masamba. Anati tione ndi maso athu. Kunaimirira bambo wina wamphamvu amene kampani inamuphunzitsa kale sizasiyo, ndipo kapitawo wathu, a Namakhwa, anauzidwa kuti apereke mayi wodziwa kuthyola kuposa onse woti apikisane naye. Anaitana amayi anga.

Wezulo italira, sizasi ija inayamba khwapu khwapu khwapu, masamba akuwulukira m'kabokosi. Amayi ankathyola monga mwa masiku onse, osafulumira, osachedwa. Wezulo yachiwiri italira, dengu la bambo uja linali litadzaza mpaka kusefukira, pamene la amayi linali litangopitirira theka. Apachisakasa anawomba m'manja. Amayi anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, maso ali pansi.

"Akuluakulu mukhoza kukondera," anatero aphungu. "Tifunse mwana, popeza mawa ndi la iwowa." Ine ndinali kutsogolo kwa mzere chifukwa cha kufupika. Anandiloza osadziwa kuti ndine mwana wa yani. "Iwe, dzina lako ndani?"

"Lameki, bwana."

"Bwera kuno Lameki, utiuze. Wapambana ndani apa?"

Anthu ena akamakamba nkhaniyi amati ndinali mwana wolimba mtima. Si zoona. Kungoti m'mutu mwanga, dengu silinkaweruzidwa lisanasankhidwe, monga momwe munthu sadya asanasambe m'manja. Choncho ndinakoka saka limodzi mwa masaka a nsapato aja, ndinaliyala, n'kukhuthulirapo dengu la sizasi. Ndinakhala pansi n'kuyamba ntchito yanga.

"Mwanayu akuchita chiyani?" anafunsa aphungu akuseka.

"Akusankha, bwana," anayankha mayi wina kumbuyo. "Ndi mmene timachitira kuno."

Munali timitengo tambirimbiri, masamba okhwima, masamba odulidwa pakati, ngakhale chisa cha kangaude. Mulu wa zotaya unkakula, wa masamba abwino ukuchepa. Nditamaliza ndinakhuthula la amayi, ndipo ndinachotsamo masamba atatu. Ndikuwakumbukira chifukwa amayi anandiyang'ana ngati akuti atatuwo tikakambirana kunyumba.

Aphungu anali atasiya kuseka. "Ndakufunsa funso losavuta, mwanawe. Dengu lodzaza linali liti?"

"Lodzaza linali ili, bwana. Koma pasikelo akanalibweza."

Nthungululu inayambira kumbuyo n'kufalikira mzere wonse wa azimayi. Kalaliki wa pasikelo anayamba kuyang'ana mitambo. Munthu wina ananong'oneza aphungu, ndipo ndinaona maso awo akuchoka pa ine kupita pa amayi. Anatembenukira khamulo n'kunena kuti izi ndi zomwe amanena zija, mwana wa sukulu akudziwa kusankha tiyi kuposa samu. Pamenepo sananame, chifukwa samu inkandivutadi. Ananyamuka osadya mpunga ndi nkhuku zimene akazi a akapitawo anaphika kuyambira m'mamawa.

Mawa lake, Lachinayi, a Namakhwa anabwera kunyumba anthu ataweruka. Iwo ndi amayi ankachokera dera limodzi, ndipo ankaitanana achimwene ndi achemwali. Anakana mpando.

"Achemwali, nkhani ija yafika poipa. Ku ofesi akuti mwanayu munachita kumutuma."

"Ndiye kuti ndinawatumanso aphunguwo kuti aloze iyeyu?"

"Musandipanikize ine, ndangotumidwa. Mawa mupite naye. Akagwade, akanene kuti zinali zachibwana, masamba aja analibe vuto. Zikatero inu palibe akukhudzani."

Amayi anandiitana. "Lameki, m'dengu muja munali timitengo kapena munalibe?"

"Munali."

"Mwamva, achimwene. Ndimuphunzitse bodza Lachisanu, Loweruka ndimugwire dzanja kupita naye kutchalitchi?"

"Achemwali, nyumba ino si ya agogo anu. Ana atatu mukawasunga pati?"

"Sizasiyo andipatse, ndiiphunzira, sindikuikana. Koma mwana sapita."

Ine ndinayamba kulira n'kunena kuti ndipita ndekha, ndikagwada, si kanthu. Amayi anandiyankha m'Chilomwe, chimene ankachigwiritsa ntchito nkhani ikakhala kuti yatha. Anati maondo anga ali ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo sakhala ku ofesi.

A ku ofesi sanawachotse ntchito amayi sabata imeneyo. Anadikira mpaka mvula itatha, masamba atachepa, nthawi imene kampani imachepetsa antchito chaka chilichonse. Amayi anali asanakhudzidwepo ndi zimenezi kuyambira pamene anayamba ntchito, koma chaka chimenecho anakhudzidwa. Palibe anatchula za dengu lija, ndipo popeza anachotsedwanso ena ambiri, sindingalumbire pamaso pa Mulungu kuti chifukwa chake chinali chimenecho. Ndimangodziwa zimene ndinaona. Tsiku losamuka amayi anasesa nyumba yonse, anazira pakhonde, n'kupita kukapereka kiyi. Ena ankaperekera pazenera kwa mesenjala. Iwo analowa pakhomo, nakamuika patebulo la bwana manijala ndi dzanja lawo.

Tinapita kwawo ku Mphuka, kumene amalume anatigawira kamunda kapaphiri. Chaka choyamba chinali chowawa. Tinkadalira chinangwa, nthochi zophika ndi nyemba za kalongonda, ndipo sukulu inali kutali moti mlongo wanga wamng'ono anayamba wasiya kaye. Usinkhu wanga wonse ndinkayembekezera tsiku limene amayi adzatope n'kunena kuti zonsezi ndi iwe. Anakalamba mpaka kumwalira osanena.

Lero zinthu zasintha. Sizasi inabwera ndithu, ndipo pambuyo pake kunabwera makina a injini amene amuna awiri amakoka pamwamba pa tiyi. Ana sapezekanso m'minda ya kampani, ndipo mwana wanga wamkazi ndi namwino amene sanaberekepo dengu. Pa zimenezi aphungu aja anaona patali, ndipo ndimathokoza Mulungu. Malemu mkazi wanga ankakonda kundikumbutsa kuti msana wa amayi unapindika chifukwa cha dengu lomwelo limene ine ndimalinyadira, ndipo sindinkamutsutsa. Koma ndikadutsa pa mizere ya nyumba imene tinkakhala, zambiri zilibe madenga, mwamera udzu. Anthu ake sanapite kufakitale ina. Anabalalika m'mapiri muno, kukagawana timinda tomwe tinali tochepa kale.

Mwezi wathawu kunabwera phungu wachinyamata ku Thekerani. Analankhula bwino za intaneti, za mafoni, za makina amene adzachite ntchito ya anthu ambiri nthawi imodzi. Ndinamvetsera mpaka kumapeto, chifukwa munthu sayenera kuweruzidwa asanamalize. Kenako ndinaimirira n'kufunsa kuti anthu amene makinawo adzawalowe m'malo akakhala kuti, ndipo akadya chiyani chaka choyamba. Anyamata oyendetsa mwambo anati nthawi yatha, madala khalani pansi. Phunguyo anamwetulira n'kunena kuti funsolo ndi labwino, aliganizira.

Ndinamuthokoza mwaulemu, n'kumuuza kuti aliganizire pomwepo, ine sindikufulumira. Ndipo sindinakhale pansi.