Chigubu cha Munkoyo Chimene Ninakana Kupumitsa

Mukane ngati mufuna, imwe anzanga, koma ine ninanyamulapo bomba pamiyendo kuchoka ku Nkomeshya mpaka ku Silverest, ndipo bomba yake inali ya munkoyo.

Ba sisi bakhala ku Silverest pa puloti yawo yatsopano, ndipo bamayi bakaphika munkoyo, chakumwa chija cha chimanga na mizu, wotumidwa kukapereka nine. Vuto ni lakuti nikafika chabe, ba sisi bakweza chigubu na dzanja limodzi, bachigwedeza, nkukamba ati chapepuka, ninali kumwa m'njira. Ine, mwana wa mu kwaya.

Temu ina kusukulu ba ticha ba sayansi banathira soda na viniga mu botolo, nkumanga baluni pakamwa, nkuika pa sikelo. Zinthu zinawira, baluni inatupa, koma sikelo sinasunthe. Banakamba ati chinthu chikatsekedwa bwino, zamkati zingasinthe bwanji, kulemera kukhala komweko, chifukwa na mpweya womwe uli na kulemera kwake. Pamene banamasula baluni, sikelo inatsika pang'ono. Apo ninamugwira kawalala. Bamayi nthawi zonse baniuza kuti nizimasulako chotsekera m'njira kuti munkoyo upume. Ndiye kuti wakuba wa ba sisi ni mpweya, ine nimangofera dzina.

Tsiku la ulendo bamayi bananipatsa wotsala mu poto kuti nisakhumbire wa eni ake. Nitatuluka pa nyumba ninakulunga pulasitiki pakamwa pa chigubu, nkumanga na malegeni mpaka zala kuwawa, nkukachipimitsa pa sikelo ya bamudala bogula chimanga. Ba sisi bali na sikelo yopimira thupi, ninati tizaonana kumeneko.

Pa Chongwe ba kondakita bananiponya mu basi kumpando wakumbuyo, pa kona, pa windo yosatseguka. Pambali panga bamayi bena na thumba la impwa, tumabiringanya tuja towawa, kutsogolo kwanga ba bosi ba suti yotuwa, ya mtundu uja wosakhululuka dontho. Dzuwa la Okutobala linali kutiphika ngati mbatata. Chigubu chija chinachoka kunyumba chili na makona, koma manje chinali kuzungulira ngati dzungu, cholimba gwa, ndipo pansi pa malegeni panayamba kulira kamluzu.

Ba bosi banacheuka. "Iwe mwaice, chinthu chako chili na moyo? Tsegulako pang'ono."

Ninawafotokozera za baluni, za sikelo, za ba sisi na dzina langa. Banamvetsera zonse mpaka kumapeto.

"Sayansi yako ikakhudza suti iyi, uzaichapa na lilime."

Manje nichite bwanji? Nikamasula, umboni wanga wathawa, ndiponso pamene chinafika chikanalavula mpaka kwa dalaivala. Nikasiya, chiphulika. Kutsika sikungatheke, thumba la impwa lanitsekera, ba kondakita ati saima pathengo chifukwa cha chigubu. Ninachikumbatira ngati mwana wodwala, miyendo nitaipanikiza pamodzi, kupuma pang'onopang'ono, kupempherera hampu iliyonse.

Hampu ya pafupi na Silverest ndiyo sinamve pemphero. Chotsekera chinamenya denga, ena akuti chikali kuuluka mpaka lelo cha ku Kasisi. Mu basi munagwa mvula yoyera. Suti yotuwa inakhala ya madontho ngati nkhanga, impwa zinabatizidwa, ba kondakita banali kunyambita milomo uku banitukwana.

Ninafika kwa ba sisi na chigubu cha theka, gaga m'tsitsi, m'makutu, paliponse. Za sikelo sininatchule nkomwe. Banachikweza na dzanja limodzi monga mwa masiku onse, nkuniyang'ana kuchokera kumutu mpaka ku nsapato.

"Lelo sunamwe chabe, wasamba nawo."

Nkhani iyi nimaithera pamenepo nthawi zonse, koma pali kena kamene nimalumpha. Wotsala uja wa mu poto sunali wochepa, ndipo ninaumaliza wonse. Ba ticha sibananame, cholowa pamalo potseka sichisowa, chimangosintha. Miyendo ija sininali kupanikiza chifukwa cha chigubu chokha. Pamene chinaphulika, nanenso ninalephera. Bamayi ba impwa okha ndiwo banazindikira. Banayang'ana denga, banayang'ana mpando, nkunifunsa chapansipansi kuti nanga munkoyo wagwa kuchokera kumwamba, pansi panga panyowa bwanji.